Pamsana pa phiri la eni

Phiri lalitali kwambiri m'dera limene ndikukhala, kum'mawa kwa dziko la Switzerland, ndi Säntis. Anthu a ku St. Gallen ndi ku Appenzell amalinyadira koopsa. Lili pa makalendala ndi pa zikwangwani za mashopu, ndipo agogo amene ndimawasamalira kuntchito akadzuka m'mawa amayamba asuzumira pawindo kuti aone ngati laoneka kapena labisala m'mitambo. Kutalika kwake ndi mamita 2,502. Tsiku lina tikumwa tiyi ndinauza anzanga kuti kwathu ku Mulanje nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, kuposa Säntis wawoyo ndi mamita 500 enieni. Anandiyang'ana ndi ulemu uja amapatsa mlendo akamakometsera za kwawo. Mmodzi anatulutsa foni, n'kufufuza, n'kugwedeza mutu: zinali zoona.

Mayi ameneyo, wachikulire ndithu, wobadwira ku Appenzell, ndiye anagamula kuti popeza ndine mwana wa kuphiri, Loweruka ndikwere nawo. Sankadziwa kuti kubadwira m'tsinde mwa phiri si kukhala wokwera mapiri. Kwathu ku Likhubula phiri timalikwera ndi chifukwa. Atsikana tinkalawirira mbandakucha kukatola nkhuni, chikwanje m'manja, nkhata ndi luzi m'chitenje, n'kutsika dzuwa litatentha, khosi litauma gwa ndi mtolo. Amuna ankapita kukacheka matabwa, kukatchera mbira, kapena kunyamulira azungu katundu. Munthu wongokwera kuti akaone kutali n'kubwerako chimanjamanja tinkamuyesa mlendo, kapena wozungulira mutu.

Kuno Loweruka m'mawa sitima yofiira ya ku Appenzell imadzaza thothotho ndi anthu ovala majombo, aliyense chikwama kumsana, ndodo ziwiri zachitsulo m'manja. Muli ana oyamba kumene sukulu, muli nkhalamba za imvi mbuu, onsewo akupita kukadzitopetsa dala. Tinatsika pa Weissbad n'kukwera basi yachikasu ya positi mpaka ku Brülisau. Pamenepo pali kangolo kolendewera pa chingwe, kamene kanayamba kunyamula anthu mu 1964, ndipo mphindi khumi zisanathe kamakhala katakutula pamwamba pa Hoher Kasten, pafupifupi mamita 1,800. Nafenso tinali nacho chingwe chathu chotsika kuchokera ku Chambe, koma chinali cha mitengo. Anthu ankayenda pansi pake.

Chinthu choyamba kundidabwitsa sichinali kukongola kwa malo ayi, koma zikwangwani. Pamphambano iliyonse pali mzati wokhala ndi timivi tachikasu, ndipo m'malo mwa makilomita amalembapo nthawi: kwakuti, maola awiri ndi mphindi makumi anayi. Ukayenda mwachikatikati umakafika nthawi yomweyo, osaphonya. Njira yosavuta ili ndi chizindikiro chachikasu. Ya kuphiri amapenta pamiyala zoyera, zofiira, zoyera. Ikakhala yoyera ndi yabuluu ndiye kuti wosazolowera abwerere. Dziko laling'onoli lili ndi tinjira totere topitirira makilomita 65,000, ndipo mu 1979 anthu ake anachita kuvota kuti kusamala tinjirati kulowe m'malamulo oyendetsera dziko. Ndimazitama zimenezi, ndipo zandithandiza kangapo nkhungu itatseka. Komabe pali china chimene chikwangwani chimakulanda. Kwathu njira umafunsa munthu, iye amati "ndi pompano apa," iwe n'kuyenda mpaka miyendo kuwawa. Koma pofunsapo wadziwa kale kuti ndi wa mudzi uti, ndipo iye wadziwa kuti ndiwe mwana wa yani.

Kuchoka pa Hoher Kasten kupita ku Saxer Lücke njira imayenda pamsana penipeni pa phiri, pena yopapatiza ngati mzere wa chimanga. Kudzanja lamanzere nthaka imangotha mwadzidzidzi. Kunsi uko, mamita opitirira 1,000, kuli chigwa cha Rhine, mtsinje wowongoledwa ndi anthu mpaka kuoneka ngati ngalande, ndipo kutsidya kwake kuli Liechtenstein, dziko lathunthu limene maso amaliona kuyambira koyambira mpaka kothera, ndi mapiri a Austria kuseri kwake. Kudzanja lamanja, pansi pa nkhalango ya mitengo yobiriwira moderako, kuli kanyanja ka Sämtisersee. Mphepo imakwera kuchokera mbali zonse ziwiri. Mabelu a ng'ombe amamveka kuchokera pansi, osaoneka ng'ombe zake. Malo ena anamangirira chingwe chachitsulo kuthanthwe kuti ugwire, ndipo chingwecho chimazizira mpaka zala kuchita dzanzi. Mnzanga uja ankayenda patsogolo osatembenuka, akunditchulira mayina a nsonga iliyonse. Ine maso anali pa mapazi anga. Mutu unkazungulira, chinthu chimene sichinandichitikirepo ndili ndi mtolo wa nkhuni pamutu, mwina chifukwa wosenza mtolo sayang'ana kuphompho.

Titadutsa nyumba ya alendo ya Stauberen n'kuyandikira Saxer Lücke, matanthwe a Kreuzberge anatulukira kutsogolo, otuwa, ataima chilili, osongoka, udzu wobiriwira utayalidwa mpaka m'tsinde mwake. Pamenepo ndi pomwe aliyense amaima kujambula. N'pokongoladi, sindingatsutse. Koma ndinali ndi ludzu, botolo langa litatha, ndipo ndinazindikira kuti chiyambire ulendowo sitinawoloke ngakhale kamtsinje kamodzi.

Nkhani ya madziyi ndiyo inayambitsa kupukwa kwanga tsiku limenelo. Mapiri a Alpstein, kumene kuli Säntis ndi anzakewa, ndi a mwala wa laimu, ndipo mwala umenewu umamwa madzi. Mvula ikagwa imalowa m'ming'alu n'kumayenda kunsi kwa nthaka. Nyanja ziwiri za m'chigwacho, Sämtisersee ndi Fälensee, zilibe mtsinje wotuluka pamtunda: madzi ake amalowa pansi, kudutsa kunsi kwa msana womwe timayendapowo, n'kukatumphukira kutsidya, m'chigwa cha Rhine. Choncho pamwamba pamakhala pouma, ndipo madzi umachita kugula m'nyumba za alendo, mtengo wake woti kwathu ungagule nawo ndiwo za banja lonse. Mwala wa Mulanje ndi wouma mtima, sumwa kanthu. Madzi amayenda pamwamba pake, poyera, akuchita phokoso. Mvula ikagwa usiku, m'mawa umaona timizere toyera tambirimbiri tikutsika m'makoma a phiri. Likhubula, Thuchila, Ruo, Lichenya, Muloza, yonseyi imabadwira pamwamba pomwepo, ndipo masiku ano ngakhale anthu ena a ku Blantyre akumwa madzi a Likhubula kudzera m'mapaipi. Kuphiri kwathu sitinkanyamula botolo. Unkangogwada pathanthwe, kukuta manja, n'kumwa mpaka mano kuwawa. Pobwera kunkhuni tinkatula mitolo pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, n'kuviika miyendo m'madzi ozizira aja mpaka kuleka kuimva. Ndinaima pa Saxer Lücke pakati pa anthu ojambula, m'makutu mwanga mukusowa mkokomo wa mathithi amenewo.

Anthu a kuno amapereka moni m'phiri, chinthu chimene sachita mumzinda. Aliyense wokumana naye amati "Grüezi," liwu limodzi, akuyendabe. Poyamba ndinkachepetsa liwiro kudikira kuti moniyo apitirire, koma munthu amakhala atapita kale. Ndinazolowera, ndipo ndimaukonda moni umenewu, chifukwa mumzinda ndimakhala mkazi wakuda amene anthu amamuyang'ana kawiri, pamene pamsana pa phiri ndimangokhala mmodzi wa otopa. Komabe m'njira ya Skyline kapena ya Chapaluka munthu sungamudutse choncho. "Mwaswera bwanji amayi? Kumtundako kuli bwanji, chiperoni chayamba?" Ndipo ukamva kumtunda kukumveka mapazi othamanga ndi likhweru, umapatuka msanga, chifukwa akubwera onyamula matabwa. Sindidzaiwala maonekedwe awo: thabwa lalitali kuposa msinkhu wa anthu awiri lili pamutu, nkhata ya udzu, thukuta kamukamu, mapazi opanda nsapato akugwira mwala wonyowa ngati ali ndi maso. Sankatha kuima pamtsetse, choncho ankangotsika chothamanga, thabwa likuvina. Amalume anga anagwira ntchito imeneyo mpaka mawondo anakana.

Achimwene anga ndi mmodzi wa anyamata onyamula katundu ndi kulondolera alendo. Amadziwa nyumba zonse za pamwamba, Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka, ndipo anathamangapo mpikisano wa Porters Race, wa makilomita opitirira 20, wokwera ndi kutsika phiri. Nditawatumizira zithunzi za Kreuzberge anayankha funso limodzi: "Katundu anakunyamulirani ndani?" Nditati aliyense amanyamula wake, anati, "Ndiye anyamata a kumeneko amadya chiyani?" Amayi ndiye anakhala chete pafoni kwa kanthawi, kenaka anati, "Mwananga, kuphiri kwa eniko umakatenga chiyani? Unayamba wafunsa malamulo ake?"

Funso lachiwirilo silinali nthabwala. Agogo anatilera ndi malamulo a phiri. Usamatukwane uli m'mwamba. Usamadandaule kuti watopa. Ukapeza chakudya chokonzedwa bwino pathanthwe, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako ndipo usatengeko kupita nacho kumudzi. Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja amasiyana zambiri, koma pa nkhani yoti phiri lija lili ndi eni ake amagwirizana. Ndinkaganiza kuti mapiri a kuno, okhala ndi zingwe, malesitilanti ndi helikopita yobwera ukangoimba 1414, alibe zotere. Kenaka tsiku lina tinagona pafupi ndi nyanja ya Seealpsee, pamene abusa amadyetsa ng'ombe m'miyezi yotentha. Dzuwa litalowa, bambo wina anatuluka m'khumbi mwake atanyamula fanulo yamtengo yosefera mkaka, anaiika pakamwa, n'kuyamba kufuula pemphero moimba, mawu ake akugunda m'matanthwe. Mnzanga anandinong'oneza kuti amatero madzulo alionse, kuitana Mulungu, Maria ndi oyera mtima kuti asunge anthu ndi ziweto usiku umenewo, ndipo akale ankakhulupirira kuti chitetezocho chimafika pomwe mawuwo alekezera. Ana amene ankasewera analeka. Ndinaona kuti anthu awa, ngakhale ali ndi ndalama zonsezi, phiri amaliopabe, ndipo ali ndi chifukwa: miyala imagumuka, chipale chofewa chimakokolola nyumba, ndipo mlongoti wa pamwamba pa Säntis mphezi imauwomba pafupifupi ka 100 pachaka. Usiku umenewo ndinawaimbira amayi kuwauza kuti malamulo aliko. Anati, "Ndimadziwa."

Kupukwa nakonso anthu a kuno akukudziwa. Mu 1688 wophunzira udokotala wina ku Basel, Johannes Hofer, analemba za matenda ogwira anthu a ku Switzerland akakhala kutali ndi kwawo: kusagona, kukana chakudya, kuwonda, kumangoganiza za kumudzi. Madokotala a nthawi imeneyo ankawaona kwambiri mwa anyamata a kumapiri amene umphawi unkawatumiza kukalembedwa usilikali m'mayiko a eni. Dziko limene lero anthu akulimbirana kulowamo linali lotumiza ana ake kunja kukasaka ndalama, monga ife titumizira athu ku Joni. Monga namwino ndimagwirizana ndi mankhwala amene Hofer anapereka, oti wodwalayo abwerere kwawo. Kungoti iye sankadziwa mtengo wa tikiti ya ndege.

Msana woopsa kwambiri umene ndayendapo ndi Lisengrat, pakati pa Säntis ndi Rotsteinpass. Masitepe anachita kusema m'thanthwe zaka zoposa 100 zapitazo, chingwe uku ndi uku, phompho uku ndi uku. Ndinapitako masamba atayamba kufiira, tsiku limene mizinda yonse inali pansi pa nkhungu koma pamwamba dzuwa likuwala ngwee. Amati kukayera bwino pa Säntis umaona mayiko asanu ndi limodzi. Ine ndinaona nsonga zokhazokha zitatuluka m'nkhungu, ndipo ndinakumbuka m'mene Mulanje amaonekera ukamachokera ku Thyolo m'mawa wa mu June, tsinde lake litabisika, mutu wake uli pamwamba pa mitambo, minda ya tiyi itayalidwa kutsogolo.

Titatsikira ku Rotsteinpass, pansi pa phiri la Altmann, tinapeza mbuzi zakutchire zitagona pathanthwe, zamphongo zili ndi nyanga zokhota zazitali pafupifupi mita. Sizinatithawe. Mbiri yake inandipweteka kuposa kukongola kwake. Nyama zimenezi zinatheratu m'dziko lino ndi alenje, osatsala ndi imodzi yomwe. Zochepa zinapulumukira ku Gran Paradiso, ku Italy, kumene mfumu inkazisungira kuti izisaka yokha. Mu 1906 anthu anazembetsa tiana take kubwera nato ku St. Gallen, kumalo osungira nyama a Peter und Paul, n'kutilera ndi mkaka wa m'botolo. Mu 1911 anamasula zoyamba m'chigwa cha Weisstannen. Lero zilipo masauzande ambirimbiri.

Ndinakhala pamwala ndikuganiza za mkungudza. Mtengo umenewu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi koma pa Mulanje. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Koma akatswiri atayenda phiri lonse mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Amene sanamvepo fungo lake sindingathe kumufotokozera. Linali m'makoma a nyumba za pamwamba, mu utsi wa pamoto, m'malaya a amalume akabwera madzulo, m'timabokosi togulitsa kwa alendo pa Likhubula. Nthawi iliyonse ndikalowa m'nyumba yamatabwa kuno mphuno zanga zimayembekezera fungo limenelo, n'kulandira la tchizi ndi masokosi onyowa. Sindingaweruze wocheka matabwa, popeza fizi yanga ina inachokera pamutu pa amalume. Koma thabwa silinkathera m'mudzi mwathu. Panali galimoto zolidikira kumsewu usiku, panali olemera olifuna chifukwa chiswe sichilidya, ndipo amenewo sanathyokepo bondo. Mlimi wa kuno wodyetsa ng'ombe m'phiri boma limamulipira kuti asamale malowo, choncho phiri likakhala bwino iyenso amadya. Mnyamata wa kwathu phiri limamudyetsa pokhapokha akalidula. Bola pano mbande zikubzalidwa zambirimbiri, ndipo midzi ina ikupezako ndalama pozifesa, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo moto wa m'chilimwe sudikira.

Phiri lovulidwa limabwezera. Akuluakulu amakumbukabe Napolo wa mu March 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika ku Michesi n'kukokolola Phalombe. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atafika, ndinali pa ntchito ya usiku, foni m'thumba la yunifolomu, ndikuimba nambala zosalowa. Masiku amenewo ndiye ndinadziwa kutalika kwenikweni kwa kuno. M'mawa mwake agogo a kuntchito aja anasuzumira pawindo mwa masiku onse n'kundiuza mokondwa kuti Säntis waoneka bwino lero, ine n'kuwayankha kuti inde, waoneka. Abale anga anapulumuka, munda wa chinangwa ndiwo unapita. Pamene bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu July 2025, mnzanga wa ku Appenzell uja anabwera kuntchito atasindikiza nkhaniyo papepala, n'kuimata pakhoma la chipinda chathu chomwera tiyi. Ikadali pomwepo.

Kumapeto kwa October nyumba zambiri za alendo za m'mapiri zimatsekedwa. Ng'ombe zimakhala zitatsika kale, zitatsogozedwa ndi mbuzi zoyera ndi ana ovala zamakolo, abusa atavala makabudula achikasu ndi malaya ofiira, ng'ombe zitatu za mabelu akuluakulu zili patsogolo. Chipale chofewa chikagwa tinjira ta pamsana timatsekeka, ndipo ine ndimakhala m'nyumba, mdima ukugwa isanakwane faifi koloko. Ndiyo nyengo imene kwathu mitambo imaunjikana pa Chambe, anthu akumalizitsa mizere, mango ndi nanazi zili mbwee pa Chitakale. Kupukwa kwa miyezi imeneyi kulibe kokuthawira, chifukwa ngakhale phiri la eni limakhala litatseka.

Ndiye sabata yatha ndinawaimbira achimwene kuwauza maganizo anga. Ndikabwera m'nyengo yozizira, mvula itatha, ndikufuna tikwere mpaka pa Sapitwa. Tikagone pa Chisepo, tilawirire m'mamawa, ndikakwawe nawo pansi pa miyala ija amasimba, ndikaone Chilwa ndi mapiri a ku Mozambique. Ndinabadwira pansi pa nsonga imeneyo koma malire anga anali pomwe nkhuni zimathera.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, mwasanduka mzungu tsopano? Amayi mwawauza?"

Ndinati amayi ndiwauza tikatsika.

"Nanga mulipira mtengo wa alendo kapena wa pachibale?"

Ndinati wa alendo, koma chikwama ndinyamula ndekha.

"Ayi, chikwamacho musiyire mnyamata wina adyepo," anatero. "Inu mungobweretsa majombo. Anga ndi saizi 8, ndipo asakhale akaunjika."